Kompyuta Imene Inkati Odi

Chimbale chija ndimachikumbukira bwino kuposa nkhope za anthu ena amene ndinakhala nawo m'kalasi imodzi kwa zaka. Chinali m'kathumba kapepala, ndipo pamwamba pake aphunzitsi analembapo ndi cholembera chakuda mawu amodzi okha: Linakisi. Ukachitembenuza chinkaonetsa utawaleza. Ndinachinyamula kuchokera kusukulu mpaka kwathu ku Mbedza nditachibisa m'kati mwa juzi, pakuti inali nyengo ya chiperoni, mvula yamawawa inkagwa osaleka, ndipo phiri lonse linali litabisala mu nkhungu. Ndinali mtsikana wa sitandade seveni, wamakani, wodziona ngati wanzeru kuposa aliyense m'nyumba mwathu.

Sukulu yathu inali italandira makompyuta angapo, ndipo aphunzitsi analengeza kuti teremu ikamatha adzasankha ana ochepa, odziwa kutaipa, kuti azikhala pa makompyutawo. Atamva kuti kwathu kuli kompyuta, anandiitana padera. Anati m'chimbalemo muli dongosolo lina loyendetsera kompyuta, lokhala ndi pulogalamu yophunzitsa kutaipa ndi masewera a masamu. Likhoza kukhala limodzi ndi Windozi yakale, ngati mabanja awiri pa puloti imodzi, ndipo poyatsa munthu amangosankha khomo loti alowere. "Ndi ntchito ya ola limodzi," anatero. Mawu amenewa sindinawakhululukire mpaka lero.

Kompyutayo inali ya malemu bambo. Anali kalaliki mu ofesi ina ya boma m'tauni, ndipo anaigula pamene ofesiyo inkagulitsa katundu wotha ntchito. Chinali chibokosi chotuwa, cholemera, cholira ngati chigayo chakutali. Bambo anali munthu wanthabwala, ndipo tsiku lina anachotsa kanyimbo kamene kankalira kompyuta ikamayaka n'kuikapo mawu awo. Ukaiyatsa unkamva kuwomba m'manja katatu, kenako iwo: "Odi, odi kuno! Eni ake alipo?" Atamwalira, mawuwo anatsala. Kwina kulikonse kunalibe: foni yawo inatayika pamaliro, ndipo makaseti kwathu sitinkajambula. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, amayi ankachotsa chitenje chimene chinkavundikira kompyutayo, n'kuiyatsa, n'kudikira. Bambo akaodira, iwo ankayankha kuti, "Lowani," kenako n'kuizimitsa, n'kuyamba kusesa.

Choncho nditawaonetsa chimbale, amayi anaika lamulo limodzi lokha. Zatsopanozo ziloweko, koma za bambo zisakhudzidwe. Ndipo ine ndisayese ndekha, tidikire amalume.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri. Za makompyuta anaziphunzira poima kumbuyo kwa kalaliki wa kuntchito kwawo, koma mmene ankazilankhulira ukanati anazipanga ndi iwowo. Ankatsika wapansi Loweruka lililonse, atanyamula kambale ka masitiroberi, jekete lawo likununkha utomoni ndi utsi. Atamva za ntchitoyo anapinda manja a malaya n'kunena kuti, "Achemwali, izi n'zazing'ono. Ikani madzi a tiyi pamoto, asanawire tikhala tamaliza."

Madziwo anawira, anazizira, anawiranso. Kompyuta sinafune n'komwe kudziwa kuti m'mimba mwake muli chimbale. Tikaiyatsa inkangodutsa molunjika ku Windozi, ndipo bambo ankawomba m'manja. Tikaizimitsa n'kuyatsanso, bambo ankaodiranso. Tsiku limenelo anaodira kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse amayi, ali panja pochapa zovala, ankakuwa kuti, "Lowani!" Ine zinkanditentha mtima. Ndinkafuna kuwauza kuti munthu amene walowa kale kakhumi safunikanso kumuuza, koma mwana sanena zotero.

Lolemba ndinakadandaula kwa aphunzitsi. Anati ikangoyaka tizidina msanga batani lina kuti tilowe m'chipinda chake cham'kati, mmene timaiuza kuti iyambe yayang'ana chimbale isanayang'ane china chilichonse. Batani lake liti? Anati zimatengera kompyuta. Ndiye Loweruka lotsatira amalume anayala zala zonse khumi pa mzere wapamwamba wa kiyibodi n'kumamenya ngati akuimba limba kutchalitchi. Kompyuta inalira mokwiya, pii, pii, pii, kenako sikirini inasanduka yabuluu, yodzaza zilembo. Amalume anandiyang'ana monyada ngati amadziwa kale. Ine ndi amene ndinkawerenga Chingerezi cha pa sikirinipo, iwo ankangodina.

Tinasintha zoyenera kusintha. Magetsi anathima. Atayakanso, kompyuta inali itaiwala zonse, ndipo inkaumirira kuti tili mu Januwale wa chaka chimene ine ndinali ndisanayambe kuyenda. Tinasinthanso, inaiwalanso. Aphunzitsi anati m'kati mwake muli kabatire kozungulira ngati kandalama, ndipo kayenera kuti katha. Amalume anamasula bokosilo ndi mpeni wa kukhitchini. M'katimo munali fumbi logwirana ngati thonje, mazira a mphemvu, ndi kachipeso kanga kamene ndinakalirira kale, sindikudziwa kuti kanalowamo bwanji. Kabatireko tinakapeza kwa wokonza mawotchi pakhomo la msika, ndipo tinabwerera titanyowa, nsapato zili matope okhaokha.

Ndinkaganiza kuti tathana nazo. Ha! Kathireyi koikapo chimbale kanakana kutuluka, mpaka amayi anatibwereka pini ya chitenje kuti tibaye pa kabowo. Katalowanso, chimbale chinkazungulira, n'kuyamba kulira tcheketcheke, kenako zii. Amalume anati chazizidwa, anachifukata m'khwapa. Anachiuzira mpweya, anachipukuta ndi malaya, ndipo pomaliza anachipaka mankhwala otsukira mano, ati anamva kuti amachotsa mikwingwirima. Nyumba yonse inanunkha mankhwalawo, koma chimbale sichinasinthe maganizo. Nditachibweza kusukulu, aphunzitsi anachinunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundijambulira china osafunsa kanthu.

Ndikamakumbukira masabata amenewo ndimamva kuzizira kwa simenti kumapazi ndi fungo la zovala zosauma zopachikidwa pa chingwe m'nyumba. Ndimakumbukiranso mkwiyo wanga, umene unkakula Loweruka lililonse. Anzanga ankaphunzira kutaipa pa kiyibodi yojambula pa katoni, ndipo ankapita patsogolo. Ine, mwini kompyuta yeniyeni, ndinkakhala pa mpando kuonerera munthu wamkulu akukanda mutu. Ndikadandaula, amalume ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinkayankha mumtima kuti nkhono imeneyo ndilibe nayo ntchito. Lero ndimadziwa kuti munthuyo ankatsika phiri lonse lija mumvula pa tsiku lake lokhalo lopuma, ndipo palibe tsiku limene ndinamuthokoza.

Chimbale chachiwiri chinayenda. Pa sikirini panaoneka zithunzi zatsopano, ndipo ndinadumphadumpha mpaka mausi anagwa pansi. Tinasankha chilankhulo, tinasankha nthawi, kenako tinafika pa funso lalikulu. Zosankha zinali ziwiri. Choyamba, kugawa pakati hadi disiki, nkhokwe yosungiramo zonse za m'kompyuta, kuti zakale zikhale mbali yake ndi zatsopano mbali yake. Chachiwiri, kufufuta zonse n'kupereka malo onse kwa zatsopano. Amalume anandiuza kuti ndiwawerengere kawiri, pang'onopang'ono, n'kusankha choyamba. Kompyuta inaganiza kwa nthawi yaitali, kenako inati singathe kugawa.

Aphunzitsi anafotokoza kuti zinthu za bambo zinali zomwazikana pa disiki yonse, ngati chimanga chodzala mwachisawawa m'munda, moti panalibe podutsitsa malire. Tinayenera kubwerera ku Windozi n'kuiuza kuti izisonkhanitse pamodzi, ntchito imene pa chibokosi chakale chotero inkatenga theka la tsiku. Tinayesa. Timizere tofiira ndi tabuluu tinkasuntha pang'onopang'ono, ndipo titatsala pang'ono kufika kumapeto, magetsi anathima. Sabata yotsatira anathimanso, pafupifupi pa malo omwewo, ngati pali munthu amene ankatisuzumira pawindo ali ndi dzanja pa switchi. Ndinawafunsa aphunzitsi ngati panalibe njira yachidule. Anaseka n'kunena kuti yachidule ndi kufomata, kufufuta zonse, ndipo kompyuta imapepukidwa. Za odi wa bambo sankazidziwa, ndipo ine sindinawauze.

Loweruka lomaliza linafika. Lolemba lake aphunzitsi ankayesa ana n'kusankha. Amayi anapita kukaona wodwala ku Masongola, ndipo potuluka anabwereza mawu awo a nthawi zonse: "Achimwene, za abambo akewo musakhudze." Magetsi tsiku limenelo anatichitira chifundo, kusonkhanitsa kuja kunatha bwinobwino. Tinalowetsa chimbale, tinafika pa funso lija, tinasankha kugawa. Inakananso. Amalume anavula chipewa n'kuchiponya pansi. Kenako anati akukaona mnzawo wina kumsika amene mwina akudziwa, ndipo ndisakhudze kanthu.

Ndinatsala ndekha ndi zosankha ziwiri zija. Sindinganame kuti sindinamve Chingerezi. Ndinali woyamba m'kalasi. Kompyuta inandichenjeza momveka kuti zonse zimene zili pa disiki zitayika, inandifunsanso ngati ndikutsimikiza. Ndinaganiza za anzanga ndi makatoni awo. Ndinaganiza kuti pa mbali ya bambo palibe kanthu kenikeni: makalata akale a kuofesi, masewera a makhadi, ndi odi amene tonse tinkamudziwa pamtima. Chinthu chimene uli nacho pamtima ungachitaye bwanji? Ndinadina.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano n'chakuti zinayenda bwino kwambiri. Palibe chinalira, palibe chinakana, magetsi sanaphethire n'komwe. Ola lisanakwane, monga aphunzitsi ananenera, kathireyi kanatuluka kokha n'kundibwezera chimbale mwaulemu. Amalume pobwera anandipeza ndikutaipa, zilembo zikugwa kuchokera pamwamba pa sikirini ine ndikuziwombera. Anasangalala, anati mwina kompyutayo inkangochita manyazi ndi iwo. Kenako anati tiizimitse tione khomo la bambo. Inayaka ndi kulira kwa ting'oma. Panalibe chosankha, panalibe wowomba m'manja. Anayesanso kawiri. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kiyibodi, ndipo sanandifunse kanthu.

Amayi atafika, amalume anawachingamira pakhomo chipewa chili m'manja. "Achemwali, ndalakwitsa ndine. Dzanja linaterereka." Amayi anawayang'ana, anayang'ana kompyuta, n'kupita kukasintha zovala. Sanakalipe. Amalume anakwera phiri tsiku lomwelo osadya, mvula ikugwa, ndipo ine ndinawasiya apite ndi mlandu wanga. Madzulo ake ndinataipa mpaka zala kuwawa.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la chigayo lija. Amayi anali ataima pamalo pawo, chitenje chovundikira chili paphewa, tsache lili m'manja. Mwina ankaganiza kuti usiku wakonza zinthu. Ting'oma tinalira. Iwo anali atatsegula kale pakamwa, ndipo mawuwo anatuluka theka: "Lowa…"

Ndinawamvera chisoni, komanso, kunena zoona, ndinaona ngati akukulitsa nkhani yaing'ono. Ndinaganiza kuti ndikhoza kuikonza. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinawomba m'manja katatu, ndinakulitsa mawu n'kunena kuti, "Odi, odi kuno! Eni ake alipo?" Ndinali wotsimikiza kuti ndatengera ndendende. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. "Sankatero," anatero motsitsa mawu. Anavundikira kompyuta n'kuyamba kusesa.

Lolemba aphunzitsi anandisankha. Ndinathamanga mpaka kunyumba kukanena, ndipo amayi anandiphikira mbatata ndi tiyi wamkaka. Kompyutayo sanaiyatsenso m'mawa, ndipo ine ndinkati bola, nkhani yatha.

Lero ntchito yanga ndi ya makompyuta. Ndimauza anthu tsiku ndi tsiku kuti asanakhudze disiki ayambe asunga zinthu zawo pena, ndipo akachita mphwayi ndimawakalipira kuposa mmene nkhaniyo ikufunira. Amalume ndinawaululira zoona ndili wamkulu, iwo anati anadziwa tsiku lomwelo. Amayi sindinawauze, ndipo ndikukhulupirira kuti nawonso ankadziwa, chifukwa mlongo wawo sankatha kuwerenga chenjezo la Chingerezi lija, ndiye akanadina bwanji mpaka kumapeto?

Nkhope ya bambo ndili nayo pa zithunzi. Mawu amene ankanena ndimawadziwa onse, limodzi ndi kuwomba m'manja katatu kuja. Koma ndikatseka maso kuti ndiwamve akuodira, amene ndimamva ndi ine ndemwe, kamtsikana kokulitsa mawu kumbuyo kwa amayi ake. Pa msinkhu umenewo ndinkaganiza kuti amayi ankayatsa kompyuta chifukwa sankafuna kuvomereza kuti bambo anapita. Sindinkadziwa kuti iwo anali atazindikira kale kuti liwu la munthu limayamba kuthawa m'makutu, ndipo m'mawa uliwonse ankalitsegulira chitseko kuti libwerere.