Nambala 47 ndi Matayala Obwereka

Bambo anga amamata matayala. Akhala akumata kwa zaka makumi atatu ndi zisanu pansi pa kadenga ka malata anayi, pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti a Chigamba. Ngakhale amayi akapsa mtima amati, "Inu a Chigamba inu!"

Ntchito yawo amaidziwa, zimenezo sindingawalande. Tayala ankaliyeza ndi chala chachikulu cha kumwendo. Kungolimenya kamodzi, ankakuuzani kuti mpweya waperewera, kuti latsala ndi milungu ingati, komanso kuti mwini wake ndi munthu woumira.

Koma chimene anatchuka nacho kwenikweni chinali kuseri kwa shedi, chitafunditsidwa lona. Anali matayala anayi atsopano, a mizere yakuya, omwe sanayendepo ulendo wautali chibadwire. Minibasi ikakhala kuti ikukayezedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, dalaivala ankabwera m'mamawa, bambo n'kuivula matayala ake osalala ngati mbale, n'kuiveka anayi aja. Ikapambana mayeso inkabwerera, n'kuvalanso nsanza zake.

"Oyeza galimoto amafuna kuona matayala abwino tsiku limodzi pa chaka," ankatero bambo. "Ine ndimawaonetsa. Walakwa ndani pamenepa?"

Atawapeza ndi matenda a shuga zaka zinayi zapitazo, sanavutike n'kuganiza. Anangotenga nzeru ya kuntchito n'kupita nayo m'thupi. Kukatsala masiku atatu kuti akaonane ndi adokotala, ankasanduka mngelo: tiyi wopanda shuga, mapilisi pa nthawi yake, masamba mbale yodzaza, kuyenda wapansi kuzungulira msika wonse. Anesi akawabaya pachala, kamakina kankaonetsa nambala yokongola, anesi n'kuwaombera m'manja. Akangotuluka pachipata ankayamba ndi botolo la chakumwa chotsekemera, kenako moyo n'kubwerera mwakale. Ife kunyumba sitinkadziwa kanthu, chifukwa machimo onse ankachitikira ku shedi. Shuga ankakhala m'kachitini kobisidwa mkati mwa chubu chakale, mabisiketi pansi pa masipanala.

Chaka chatha anaponda msomali. Unaboola nsapato n'kulowa pansi pa chala chachikulu chija, ndipo anayenda nawo tsiku lonse osaumva. Amayi ndi amene anauona powavula sokosi.

"Munthu wochotsa misomali m'matayala a eni ake, kubwera ndi wake kunyumba!" anatero amayi.

Tonse tinaseka, iwonso anaseka. Koma chilondacho sichinapole. Unatha mwezi, inatha itatu. Adokotala ankayang'ana chilonda, n'kuyang'ana manambala, n'kupukusa mutu. Manambala ankati munthuyu ali bwino, choncho mankhwala a shuga sanawasinthe. Tsiku lina ananena molankhula pansipansi kuti zikapitirira chonchi, phazi lidzachoka. Kuyambira pamenepo amayi anasiya kuseka za msomali, ine ndinayamba kuchita mantha enieni.

Ine ndimagwira ntchito ku labotale ya kafukufuku yomwe ili kuseri kwa chipatala chomwecho. Bambo amauza makasitomala awo kuti ndine dokotala, koma ntchito yanga ndi kulowetsa zolemba mu kompyuta, m'kachipinda komwe kale kanali kosungiramo matsache. Abwana athu ndi mayi wamfupi wa magalasi. Timawatchula kuti a Tionenso, chifukwa ukawabweretsera chilichonse, ngakhale kapu ya madzi, amati, "Tionenso."

A Tionenso amafufuza maselo ofiira a m'magazi. Ndi tinthu ting'onoting'ono tofewa, timene timayenera kupindika kuti tidutse m'timitsempha topapatiza kuposa ito tomwe. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali timauma, ndipo magazi safika bwino kumalo akutali monga kumapazi. Ndiye tili ndi makina amene amatenga kadontho ka magazi n'kukankhira maselowo m'kanjira kowonda kuposa tsitsi, kamera n'kumajambula. Maselo a munthu wabwinobwino amadzipinda n'kudutsa psuu. Odwala amene analowa m'kafukufukuyu sitiwadziwa mayina, aliyense ali ndi nambala. Aliyense anapatsidwanso kabuku kolembamo zimene wadya ndi mankhwala amene wamwa tsiku lililonse.

Nambala 47 inawasowetsa mtendere a Tionenso. Kabuku kake kanali ka munthu woyera mtima. Shuga wake wa pachala anali wosiririka. Koma maselo ake anali gwa, ankangounjikana pakhomo pa kanjira ngati anthu olimbirana minibasi yomaliza, osalowa, osabwerera. A Tionenso anatsukitsa makina kawiri. Anasintha kamera. Kuyeza kwina kumene kumaonetsa shuga wa miyezi itatu, komwe kukanaulula zonse tsiku limodzi, kunali kutaima chifukwa mankhwala a makina ake anachedwa kufika. Pomaliza anasiya kudya nkhomaliro n'kuyamba kuyenda m'khonde akulankhula okha. Anaganiza kuti atulukira chinthu chimene dziko lonse silinachionepo: vuto lina loumitsa maselo shuga ali bwinobwino. Anayamba kulembera anzawo a kunja makalata.

Kabuku ka nambala 47 kankalowetsedwa ndi mnzanga wina. Atapita kutchuthi chokabereka, mulu wake anaukankhira pa tebulo langa.

Ndinatsegula. Miyezi itatu yathunthu inalembedwa ndi cholembera chimodzi, mizere yowongoka, ngati munthu anakhala pansi kamodzi n'kumaliza. "Tiyi wopanda shuga. Masamba. Mapilisi." Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Mwezi wina wa masiku makumi atatu, munthuyu anamwa tiyi wopanda shuga mpaka pa 31. Ndinayamba kuseka ndekha. Kenako ndinaona pakona pa tsamba, pamene munthu amagwira potembenuza. Panali chidindo cha chala chakuda ndi girisi, chokhala ndi kachipsera kodutsa pakati. Tsamba lililonse chinalipo. Chala chimenecho chinanditsina khutu ubwana wanga wonse, sindikanachisokoneza ndi cha munthu wina.

Kuseka kunathera pomwepo. Bambo analowa m'kafukufuku osatiuza, ndipo ankanamiza anthu omwewo amene ankayesetsa kupulumutsa phazi lawo. Ndinakwiya koopsa.

Lamulo la kuntchito silindilola kuulula kuti nambala yakuti ndi ndani, ngakhale kwa abwana. Choncho nthawi ya nkhomaliro ndinapita ku shedi. Ndinawapeza atakhala pa tayala la lole, phazi la bandeji atalisanjika pa jeke, akutakasa tiyi. Atandiona anasiya kutakasa.

"Aa, adokotala! Lero mwatikumbukira?"

"Bambo, tiyi wopanda shuga amatakasiranji?"

"Kuti azizire."

Ndinalowa kuseri, n'kupisa dzanja m'chubu choyamba chimene chinaoneka chonenepa. Ndinatuluka ndi kachitini. Anakayang'ana ngati akukaona koyamba.

"Ka makasitomala kameneko."

"Nanga pa 31 paja munadya chiyani, mwezi uli ndi masiku makumi atatu?"

Anaika kapu pansi. Kenako anati, "Ndiye kuti kabuku kaja kamafika kwa iwe? Anandiuza kuti n'zachinsinsi."

"N'zachinsinsi. Koma chala chanu sichisunga chinsinsi. Bambo, adokotala akulephera kukuthandizani chifukwa akuona manambala abodza. Phazi lanu likuola, inu mukuliveka matayala obwereka."

"Iwe, sindinanamize munthu ine. Tsiku loyeza, shuga amakhala bwino. Amayeza okha, ndi makina awo. Ine ndimangokonzekera. Kodi wopita kukalemba mayeso sawerenga?"

"Mawa mubwere mukawauze abwana anga nokha."

"Ndikapanda kubwera?"

"Kachitini aka ndikawapatsa amayi."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsiku limenelo ndinawabwezera zonse za ubwana wanga.

Tsiku lotsatira bambo anabwera atavala jekete, akutsimphina, atanyamula chipewa m'manja. Ine ndinkayembekezera kuti alankhula mwamanyazi. Ayi ndithu. Anawafotokozera a Tionenso ngati mmisiri amene akuphunzitsa mnzake luso: kuti masiku awiri sakwanira, anayi n'kudzizunza chabe, atatu ndiye muyeso wake. Kuti kabuku amakalemba konse kamodzi, tsiku lokapereka lisanafike, Lamlungu masana, ali ndi mphamvu. Anafotokozanso za matayala anayi aja, kuti amve bwino chiyambi cha nzeruyo.

A Tionenso anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Ine ndinaganiza zoti ntchito yandithera. Kenako anayamba kuseka, anaseka mpaka misozi.

"Miyezi isanu, bambo," anatero akupukuta m'maso. "Miyezi isanu ndakhala ndikuthamangitsa matenda atsopano, osadziwa kuti ndi mabisiketi."

"Pepani mayi. Sindinkadziwa kuti pali wina amene akuvutika nazo."

"Bwerani kuno muone."

Anawakhazika pa kompyuta n'kuwaonetsa maselo a munthu wathanzi, akudzipinda n'kumadutsa. Kenako anawaonetsa awo. Bambo anasendeza mpando. Anayang'ana nthawi yaitali, tsinya lili pamphumi, monga amayang'anira tayala limene kasitomala akulumbira kuti n'labwino.

"Mphira iyi yauma," anatero. "Yagona padzuwa. Izi mukazikakamiza zing'ambika."

"Ndi zanu zimenezo. Shuga wa pachala amatiuza za lero lokha. Awa amasunga za miyezi. Masiku atatu sangawafewetse."

"Ndiye kuti alibe tsiku loyezedwa?"

"Kwa iwowa tsiku lililonse n'loyezedwa. Njira yopita ku chala chanucho n'njopapatiza ngati iyi. Akakanika pakhomo, chilonda chimatsala chopanda chakudya."

Bambo anayang'ana phazi lawo, n'kuyang'ananso kompyuta. Ndinaona kuti kwa nthawi yoyamba achita mantha.

"Chigamba chingagwire?"

"Palibe chigamba. Koma thupi limapanga atsopano tsiku lililonse. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, onse amakhala atasinthidwa. Mukawasamala, amakhala ofewa."

"Seti yonse yatsopano?"

"Yonse."

"Osabweza madzulo?"

"Osabweza."

Masana omwewo a Tionenso, bambo atavomera, anawaperekeza kwa adokotala. Mankhwala anasinthidwa. Amayi anamva zonse, chifukwa bambo anaganiza kuti kuli bwino adziulule okha kusiyana n'kuti ine ndikhale ndi chowaopsezera moyo wonse. Tsiku lotsatira amayi anapita ku shedi n'kufinya machubu onse chimodzi ndi chimodzi, madalaivala akuonerera. Anapeza zitini zitatu.

Koma tinachedwa. Chala chachikulu chinali chitada kale, ndipo patatha milungu iwiri anachidula. Phazi linatsala. Amayi anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, kenako anatuluka panja kukalira. Bambo anakhala kunyumba masiku angapo. Atabwerera ku shedi ndinawaona akuyandikira tayala n'kukweza mwendo mwachizolowezi. Anaubweza pang'onopang'ono, n'kuwerama, n'kulisindikiza ndi chala cha kumanja. Zinandipweteka kuposa tsiku la opaleshoni.

Patapita miyezi inayi anabweranso ku labotale. A Tionenso anaika kadontho m'makina. Maselo anafika pakhomo pa kanjira, ena anakayikakayika, koma anadzipinda n'kuyamba kudutsa.

"Lowani! Sunthani mkatimo, malo alipo!" anakuwa bambo ngati kondakitala, mpaka a m'chipinda china anabwera kudzaona.

"Tionenso," anatero abwana, ndipo anaonetsanso. Bambo anaonerera katatu. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati thupi limasinthanso zala. A Tionenso anati ayi. Bambo anagwedeza mutu n'kuvala chipewa chawo.

Matayala anayi aja kulibenso kuseri kwa shedi. Anawaveka pa minibasi ya dalaivala wina amene amanyamula ana a sukulu, n'kumuuza kuti asabwerenso nawo. Madalaivala ena anadandaula kuti a Chigamba alowa tchalitchi chachilendo.

A Tionenso ankafuna kupereka kabuku ka nambala 47 kwa munthu wina, monga mwa lamulo. Bambo anakana, amvekere palibe wina angawerenge zolemba zawo, ndipo anasayina pepala lovomereza kuti ine ndizikawerenga. Ndiye kamafikabe pa tebulo langa. Masiku ano n'konyansa. Kali ndi zolembera zitatu, pensulo, dontho la tiyi, ndi masiku ena opanda kanthu pomwe anaiwala. Sabata yatha ndikulowetsa mu kompyuta ndinafika pa Lachinayi. Panalembedwa kuti: "Tiyi wopanda shuga. Mapilisi. Mabisiketi awiri, ndinagonja. Iwe wa pa kompyuta, lemba zoona, koma amako usawauze."

Ndinalemba mabisiketi awiri. Kenako ndinatseka chitseko cha kachipinda kanga kuti anzanga asandione ndikulira.