Junta ya Katoni pa Galimoto ya Maliro

A Cassimiro sadziwa kufulumira. Ine ndimagulitsa kachewere pafupi ndi ofisina yawo yokonzera magalimoto, pamsewu wochokera ku Kalomwe kupita ku Ulongwe, ndipo kudekha kwawo kumandipsetsa mtima. Ofisinayo ndi kachisakasa ka malata pansi pa bulugamu. Umakaniko adauphunzirira ku Dedza, komwe adakulira pothawa nkhondo, kwa mkulu wina wokonza zigayo. Atabwerera kuno adayesa kulima nyemba, koma iwo ndi khasu sadamvane. Oyendetsa mashapa, maminibasi a kuno, amawatcha nkhono, komabe injini ikavuta amabwera kwa nkhono yomweyo.

Tsiku lina mu Juni, dzuwa litapendeka, padaima karinya yakale, kagalimoto konyamula katundu, ikufuka utsi kutsogolo. Kumbuyo kwake kudali bokosi la maliro ndi amayi angapo. Malemuwo adali mlimi wa ku Lifidzi amene adamwalirira kuchipatala ku Dedza. Akazi awo, a Rufina, adakhala kumutu kwa bokosi ali duu.

Mwini galimotoyo, Nilton, adali atangoigula kwa munthu. M'mawa pamalire adaona mafuta akudontha, iye n'kumanga mabawuti a chivundikiro cha injini ndi mphamvu zake zonse.

"Mwaiphwanya junta, achimwene," adatero a Cassimiro, akuloza kamphira kotseka pakati pa chivundikirocho ndi injini. "Mukayendanso chonchi, injini ipsa musadafike ku Ulongwe."

Ku Lifidzi adzukulu adali atakumba manda m'mawa, ndipo kwathu kuno manda sagona osakwirira. Mtembo ukapanda kufika dzuwa lisadalowe, amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira, munthuyo n'kumukumbira pena mawa lake. Tsono dzenje limeneli lidali pambali pa manda a mwana wawo woyamba, pomwe malemuwo adapempha kuti akagone. Malo ena pafupi ndi mwanayo padalibe.

Tidayesa kuimitsa magalimoto ena. Mashapa adali odzaza anthu, ndipo a malole a kachewere adakana. Ndani angasanjike maliro pa chakudya?

Junta yatsopano padalibe. A Cassimiro adatenga katoni yolimba ya sopo n'kukhala pansi kudikira kuti injini izizire. A Patrisio, mng'ono wa malemu, adanyamula ndowa yanga ya madzi kuti athire painjinipo.

"Thirani, bambo," adatero a Cassimiro osadzuka. "Chitsulo chikang'aluka mukakwirira nthochi pamodzi ndi galimoto yomwe."

Ndowa idatsika. Injini itazizira a Cassimiro adachotsa chivundikiro, napala zotsalira za junta yakale ndi mpeni mpaka chitsulo chidayera. Kenaka adayala katoni pachivundikirocho n'kumagogoda m'mphepete ndi kahamala, kho! kho! kho!, kuti chitsulo chidule katoniyo motsata maonekedwe ake. Ankagogoda ngati palibe amene akuwadikira.

Foni ya a Patrisio idalira. Adali a kumudzi, kunena kuti nthochi yadulidwa kale. Bamboyo mtima udamuthawa, adatsomphola katoni m'manja mwa a Cassimiro kuti akaiike yekha, nayo n'kung'ambika pakati.

Tonse tidangoti kukamwa yasa. Ine ndidafuna kulira chifukwa cha ukali.

"Alamu, khalani pansi," adatero a Rufina. Adali mawu awo oyamba chifikireni.

Padatsala mbali imodzi ya katoni. A Cassimiro adayambiranso, ndipo sadawonjezere liwiro ngakhale pang'ono. Mithunzi ya bulugamu idali itawoloka msewu. Atamaliza adapaka kola, guluu womatira junta, mbali zonse, naika junta, n'kumanga mabawuti mofatsa kuyambira pakati kupita kunja. Kenaka adazula kiyi wa galimoto n'kumuponya m'thumba la ovololo.

"Bweretsani kiyi, mesitiri!" adakuwa a Patrisio, sipanala ili m'manja. "Mukufuna akulu anga akagone kutchire?"

"Ndimenyeni ngati mukufuna," adayankha a Cassimiro, "koma kiyi atuluka kola ikagwira. Kuthamanga si kufika."

Kunena zoona, tsiku limenelo mwambiwo udandinyansa. Kiyiyo ndidafuna kuwalanda ndekha. Iwo ankangokhudza kola ndi chala, kuyang'ana chalacho, n'kupukusa mutu. Amayi aja adayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, koma idafera m'kamwa.

Pomaliza a Cassimiro adathira mafuta, nampatsa Nilton kiyi. Injini idalira. Tonse tidawerama kuyang'ana pansi, ndipo padalibe dontho. A Cassimiro adakwera kumbuyo ndi chigubu cha mafuta. Inenso ndidasiyira mnzanga kachewere n'kukwera, paja maliro n'kulirana.

Titapitirira Ulongwe a Cassimiro adamenya padenga kuti tiime aone junta. A Patrisio adangobisa nkhope m'chipewa. Katoni idali itanyowa pakona imodzi. A Cassimiro adakhwimitsa bawuti ya pamenepo pang'ono chabe, nauza Nilton kuti asapondereze pazitunda. Tidakwawa choncho pamsewu wafumbi, dzuwa likufiira pamwamba pa mapiri, aliyense akuliyang'ana mwakuba.

Kunyumba ya siwa sitidaimeko, tidalunjika kumanda. Tidapeza anthu ataimirira mozungulira dzenje, thunthu la nthochi atalitsitsiramo kale, mkulu wa adzukulu atakweza khasu. Galimoto isadaime bwino, a Rufina adadumpha n'kuthamanga, chitenje chikukokeka m'fumbi. Adasuzumira m'dzenjemo, ndipo dothi lidali lisadagweremo.

"Tulutsani chimenecho," adatero. "Eni malo afika."

Adzukulu adayang'ana dzuwa, nayang'anana okhaokha, kenaka awiri adatsikira m'dzenje kukatulutsa nthochi. Bokosi lidatsika kukadali kowala, ndipo bambo uja adagona pambali pa mwana wake.