Mchere wa nsomba ya abambo

Nditangofika ku London ndinkachita lendi chipinda ku Ilford, kwa banja lina lachikulire lochokera ku Dedza. Sanali abale anga, koma ndinkawatchula amayi ndi abambo. Pabalaza panali thanki ya galasi ya madzi amchere, ndipo munkakhala nsomba imodzi yokha, yaitali ngati chala. Abambo ankati nsomba ya mtundu umenewu dzina lake ndi bleni.

Ine sindinkaikonda ngakhale pang'ono. Nsomba yanji yosasambira? Inkangokhala pakhomo pa una wake m'mwala, tinyanga tili njo, diso lililonse likuyenda palokha ngati la bilimankhwe. Ukamadutsa, diso limodzi linkakuperekeza mpaka kukhitchini. Koma abambo akaweruka ku ntchito yawo yaulonda ku Wembley ankayamba kulonjera iyo, ife pambuyo.

Nyengo ina yachisanu miyendo ya abambo inatupa, chifuwa n'kuwapana, mpaka anawagoneka kuchipatala. Nditakawazonda anandigwira dzanja n'kundipempha chinthu chimodzi: adzapeze nsomba yawo ili moyo. Anandilongosolera zonse. Madzi akaphwa ndizithiramo opanda mchere, pakuti mchere suuluka. Posintha madzi ndizisungunula mchere wake wa m'ndowa, n'kuyeza ndi kachipangizo kamene kankakhala pambali pa thanki.

Tsiku losintha madzi amayi anandipeza nditavundukula ndowa ija. Anandifunsa monong'ona ngati sindinali kumwezi. Ndinali. Nkhope yawo inagwa. Anati mkazi wotero sathira mchere, akhoza kudula mwini nyumba, kodi miyendo yotupa ija sindinaione? Mtima unandipsa. Ku ntchito kwanga ndinkasamalira odwala tsiku ndi tsiku, ndipo izi sizinali ndiwo! Koma kwa eni kulibe mkuwe, ndinangobweza chivundikiro.

Amayi anati ntchitoyo aigwira okha, popeza iwo anasiya kusamba kalekale. Kachipangizo anakakankhira apo. Ankaviika chala m'madzi n'kulawa, akaona kuti mchere sunakolere n'kuwonjezera. Madzi akaphwa ankathiramo amchere. Nditawachenjeza anandiyankha kuti athira mchere moyo wawo wonse popanda wodandaula.

Nsomba inayamba kutuwa. Inasiya kudya, inasiyanso kutiperekeza ndi diso. Maso onse awiri anangoima pa mpando wa abambo, mpando wopanda munthu. Ndikabwera ku ntchito madzulo, kunja kutada kale, ndinkapeza pabalaza pali zii, kuwala kwa thanki kokha kukugwedezeka pakhoma. Ndinkadutsa mothamanga.

M'mawa wina tinaipeza pampando paja itauma gwa. Chivundikiro cha thanki chinali chotseka. Amayi sanalire. Anaikulunga m'kansalu n'kukaikwirira kuseri kwa nyumba, kenako anandipempha kuti tisawauze abambo mpaka atapeza mphamvu.

Abambo atatuluka m'chipatala, owonda ngati bango, anapita molunjika pampando wawo. Ife tinaima kumbuyo kudikira funso. Anayang'ana una uja nthawi yaitali, kenako anamwetulira.

"Mwaisamala bwino, mwanangu," anatero kwa ine. "Taonani mmene yanenepera."

Ndinasuzumira. M'unamo munali mdima basi. Abambo anatsina chakudya n'kuwaza pamadzi, maso awo akutsata chinthu chimene chinachoka pamwala, n'kukwera, n'kubwereranso. Ndinachita mantha, koma ndinavomera kuti eya, yanenepa. Amayi anali atagwira mphuthu ya chitseko ndi manja awiri.

Abambo anapitiriza kuidyetsa mpaka ine ndinasamuka, ndipo palibe anawauza. Koma kuyambira tsiku limenelo amayi sanakhudzenso mchere. Ndiwo zikapsa ankaima pakhomo pa chipinda changa n'kundiitana kuti ndikathire, osafunsanso kuti ndili masiku anji.