Khutu la Limbani

Ndikakumbukira a Longwe, chimayamba kundifika ndi fungo lowawasa la chinangwa choviika chimene akazi awo, a NyaChirwa, ankayanika pathandala kuseri kwa nyumba, fungo limene linkalowerera mpaka m'zovala zathu pachingwe, kenako ndimawaona eni akewo atagwada m'munda, mawondo ali mumchenga, chipewa chili pambali, mphuno itatsala pang'ono kugunda tsamba. Tinkayandikana nawo ku Chintheche, kumene mayi anga anatumizidwa kukaphunzitsa kuchokera kwathu ku Ntcheu. Bambo ankagwira ntchito ku Joni, ndipo ankabwera kamodzi pachaka.

A Longwe anali mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, ndipo anali ndi kamera yakale ya filimu. Anthu ankawapempha kuti akajambule maukwati, iwo n'kumakana. Filimu yawo inkathera pa tizilombo toyera todya chinangwa, pa mazira a agulugufe, pa maso a ntchentche. A NyaChirwa ankati, "Ntchentche za pakhomo pano zili ndi zithunzi zambiri kuposa ine." Sankanama.

Chuma chawo chenicheni chinali magalasi atatu ozungulira amene ankawasunga m'kachitini, atawakulunga m'kansalu. Lililonse linali ndi nambala m'mphepete: 1, 2 ndi 4. Ankatenga limodzi n'kulimanga kutsogolo kwa diso la kamera ngati akutseka botolo, ndipo kamerayo inkasiya kuona zakutali n'kumangoona chimene chili pamphuno pake. Vuto linali lakuti kawindo kosuzumira sikankaonetsa zimene galasilo likuona, choncho mtunda ankauyeza ndi bango. Galasi lililonse linali ndi bango lake lodula pamlingo, ndipo la nambala 4 linali lalifupi kuposa onse. Ankakhudzitsa nsonga imodzi pagalasi, inayo pa chinthu chojambulidwacho, n'kuchotsa bango, n'kugwira mpweya, n'kudina. Dzanja likangosuntha pang'ono, chithunzi chinkatuluka nkhungu yokhayokha. Zonsezi ankafotokozera aliyense wodutsa, kaya wafunsa kaya sanafunse, moti asodzi ena ofulumira ankalambalala mundawo.

Ndili ndi zaka khumi, mayi anabereka mlongo wanga Limbani. Anabadwa masiku asanakwane, ndipo azakhali athu ku Ntcheu anawerenga miyezi pazala n'kupeza kuti ikuperewera. Kalata imene inachokera ku Joni inali ya mizere inayi, ndinaiwerenga mobisa. Bambo ankati mwanayo si wawo, ndipo tisawadikirire chaka chimenecho. Mayi sanalire ine ndikuona. Ankapita kusukulu, kubwera, kuchonga makope, koma wailesi anasiya kuyatsa.

Tsiku lina mayi akumusambitsa mwanayo anaima kaye, sopo ali m'manja. Pamwamba pa khutu lake lamanja, pamene khutu limalumikizana ndi mutu, panali kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano. Bambo anali nako kabowo kotero, mayi awonso anali nako. Loweruka m'mawa mayi anamubereka Limbani, ine ndili pambuyo, mpaka kwa a Longwe.

"Ada, ndabwera ndi pempho. Mundijambulire khutu la mwanayu."

"Khutu, ama? Osati nkhope?"

"Khutu. Apa." Analoza ndi chala. "Bambo ake akaone."

A Longwe anayang'ana kabowoko, n'kuyang'ana mayi, n'kuyang'ana pansi. Ndinkayembekezera kuti phunziro la magalasi liyamba, koma anangonditembenukira n'kunena kuti, "Esime, katenge mbale yoyera ija kwa agogo ako a NyaChirwa."

Filimu inali itatsala malo atatu okha. Anatikhazika m'mphepete mwa mthunzi wa mango, anamanga galasi la nambala 4, ine n'kundipatsa ntchito yopendeketsa mbale ija kuti kuwala kwa dzuwa kugwere pakhutu. Koyamba, Limbani anatembenuza mutu nthawi yomwe ankadina. Kachiwiri, bango linamukhudza, iye n'kuyamba kulira ndi kuponya miyendo, chala cha a Longwe chitadina kale. Anaika kamera pamwendo n'kupukuta thukuta.

"Muyamwitseni, ama. Mwana akamayamwa mutu sauyendetsa."

Mayi anazengereza, chifukwa bango lija linali lalifupi, ndipo kuti ajambule, a Longwe anayenera kugwada nkhope yawo ili pafupi ndi chifuwa cha mkazi wa mwini, pambali pa njira yopita kunyanja. Iwonso anaziona. Anaitana mokweza kuti, "A NyaChirwa, siyani vigawu ivyo, bwerani mudzaime apa. Odutsa asatipekere nkhani ina, imodziyi yakwana." A NyaChirwa anabwera manja ali mbuu ndi ufa wa chinangwacho, n'kuima kumbuyo kwa amuna awo osafunsa kanthu. Limbani anayamba kuyamwa, maso atatseka. A Longwe anayeza, anachotsa bango, tonse tinagwira mpweya, ndipo kamera inati the.

Filimu inapita ku Mzuzu kukatsukidwa, ndipo inatha masabata awiri. A Longwe anabweretsa okha zithunzizo mu envelopu yomata. Ziwiri zinali nkhungu. Chachitatu chinaonetsa khutu lalikulu ngati tsamba la mbatata, tiubweya take tonse tikuwerengeka, ndi kabowo kaja kali poyera. Zina zonse, mayi ndi chitenje chawo, zinali utoto chabe wosadziwika.

"Yewo, ada," anatero mayi.

"Palibe kanthu, ama."

Mayi anachitumiza chokha, popanda kalata. Pa Khirisimasi bambo anatsika minibasi ndi sutikesi yawo. Atamunyamula Limbani, chala chawo chinapita kukhutu asanamuyang'ane nkhope. Sindinawamve akupepesa, mwina anapepesa ine kulibe. Anakhala ndi mayi mpaka imfa inawalekanitsa.

A Longwe, munthu amene ankatha kukuimika ola lathunthu pa nkhani ya mazira a gulugufe, za khutu lija sanauze munthu. Ndinawafunsapo kamodzi nditakula pang'ono ngati ankadziwa chifukwa chake. Anati, "Ine ndinajambula khutu, iwe unagwira mbale. Basi."

Lero onse amene ankaidziwa nkhaniyi anatisiya, azakhali omwe, ndipo chithunzicho ndinachipeza m'Baibulo la bambo. Limbani ndi bambo wa ana awiri tsopano. Iye ankawakonda kwambiri bambo athu, moti mwana wake woyamba anamupatsa dzina lawo. Chaka chatha anachiona chithunzicho kwanga n'kufunsa chifukwa chimene chithunzi chake chokhacho cha ukhanda chili cha khutu. Ndinamuuza kuti a Longwe ankayesa galasi latsopano. Anaseka, n'kuchijambula pafoni kuti akaonetse akazi ake.

Zimandilemera, koma sindidzamuuza. Ngakhale dzina lake lenileni si Limbani, ndalisintha.