A Mesenjala ndi Mkamwini Wawo

A mesenjala a ku ofesi ina ya boma ku City Centre amadziwa malo a munthu aliyense. Tiyi amapereka motsata maudindo: akuluakulu poyamba, makalaliki pambuyo, iwo n'kumwa wotsala ali chiimire. Khadi la chipani silichoka m'thumba la yunifolomu yawo, ndipo mawu awo ndi amodzi: "Aliyense ali ndi womuposa."

Chaka chatha kunabwera bwana watsopano, a Paxton, amene ndi mkamwini wawo. Tsiku loyamba anakumana m'kanjira kopita ku maofesi. Mkamwini, poona apongozi, ananjuta n'kuyang'ana kumbali monga mwa mwambo. A mesenjala, poona bwana ali pansi, anagwada thireyi ili m'manja. Palibe anafuna kuyamba kudzuka, pamene nsapato za mkulu wa ofesi yonse zinkamveka kale pamasitepe. Bwana wonjutira mesenjala ndani akanamuopanso?

"Dzukani msanga, bwana," ananong'ona a mesenjala. "Kuno n'kwa boma, wamng'ono ndine. Ulemuwo mundisungire, mudzandipatse Loweruka kunyumba."

Loweruka a Paxton ananjutadi pakhomo pa apongozi, ndipo a mesenjalawo sanatulutse mpando mpaka miyendo ya bwana itachita dzanzi.