Amayi a Mpingo Anandilimira Mpungabwi Wanga

Loweruka lapitali ndinathokoza anthu chifukwa chondiwonongera zinthu. Ndinawomba m'manja, mpaka ndinawagulira masikono. Kufikira lero mutu wanga sukugwira, ndiye ndati ndiitule kwa inu awerengi, mwina mungandimasule.

Nkhani yake ili chonchi. Chaka chatha maungu a mkazi wanga, Nabanda, anachita maluwa ambirimbiri kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mponela. Koma maluwawo ankangofota, timaungu tikafika ngati dzira n'kuvunda. Ine ndinakulira kumapiri a Ntchisi, ndipo ndikukumbukira kuti ukalowa m'munda m'mawa unkamva njuchi zili piringupiringu m'maluwa a maungu. Kuno ndinaima n'kutchera khutu. Zii.

Zibwere kudzatani? Mitengo tinamalizira kumangira zigafa za fodya. Chiyambireni matipate, ena akugwetsa ndi yam'phiri yomwe, ukawafunsa amangoti, "Ndi demokalase, bwana."

Ndiye ndinaganiza zoziitana njuchizo. Ndikapita kumudzi ndinkabwerako ndi kanthu pakaliyala pa njinga: mpungabwi, chanzi, timbande ta mthethe ndi mpoza. Ndinabzala m'mbali mwa bwalo, ndipo chisoso ndi luni zomera zokha ndinaletsa kuzizula. Odutsa pamsewu ankandiseka. "Aphunzitsi, mwayamba kulima tchire?" Ine ndinkangoti eya.

Koma abale, zinatheka! Mvula itakhazikika mpungabwi unachita maluwa, njuchi zinabwera. Kunabwera agulugufe oyera ndi achikasu, apumbwa nawo osasowa, ndi timbalame tina tamilomo yaitali timene ndinali nditaiwala kuti tiliko. Ndinkamwa tiyi pakhonde ndili mwee, kunyada ngati ndapambana chisankho.

Kenaka mlungu wathawu Nabanda anagwidwa ndi malungo. Loweruka m'mawa ndinapita kukamugulira mankhwala, ndipo ndili komweko amayi a kumpingo kwathu anabwera kudzazonda. Anatunga madzi, anachapa, anazira kukhitchini. Atatha izi anayang'ana pabwalo, n'kufunsa kumene timasunga makasu.

Pobwera ndinachita kukayika ngati ndi pakhomo panga. Bwalo lonse mbee, mizere ya tsache ili bwinobwino. Kudzala kunkafuka utsi, ndipo fungo lake ndinalizindikira ndisanatsike njinga. Unali mpungabwi wanga.

Naphiri, amene amatsogolera amayiwo, anandichingamira akupukuta thukuta ndi chitenje. "Aphunzitsi, musadandaulenso, tachotsa zonse. Mayi akadwala ndiye zimatero, mwamuna yekha sangathe. Tchire mpaka pakhonde, njoka zikanakulumani inu!" Kenaka anandilozera zitini zitatu zimene anandandalika pamasitepe. "Takubzaliraninso maluwa enieni, ochokera kunyumba ya abusa."

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Amayi amenewa anasiya minda yawo nthawi yopalira ino, ena ana ali kumsana. Manja anga anawomba okha. "Zikomo kwambiri amayi, Mulungu akudalitseni." Ndinali wokwiya, ndinali woyamikira, zonse nthawi imodzi.

Apa ndi pamene ndasokonezekera. Tonsefe tinaleredwa kuti pakhomo pa munthu pazikhala dothi lokhalokha. Kusukulu tinkapita ndi tsache ndi khasu, ndipo lero ine amene ndimalanga ana akasiya udzu pafupi ndi kalasi. Si kupusa ayi. Njoka ziliko, udzudzu uliko, moto wolusa uliko. Koma ndi ife omwe tikudandaula kuti maungu sakubala, mbalame zatha, mvula ikukokolola bwalo mpaka maziko a nyumba kuonekera. Nanga tikufuna njuchi zizidya tsache?

Ndipo anatiuza ndani kuti duwa ndi lokhalo lochokera kumishoni, lobzalidwa m'chitini? Mpungabwi umene amayi athu ankafukiza pothamangitsa udzudzu, lero dzina lake ndi tchire. Masiku ano aliyense akufuula za ufulu, wina ufulu wogwetsa phiri lonse, wina wogulitsa tomato pakati pa msewu. Koma ufulu wosiya chitsamba chimodzi pakhomo pako, umenewo sunafikebe.

Umu ndi mmene ndinkalankhulira madzulo ake, ndikudandaulira Nabanda ali chigonere pamphasa. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Bambo a Chikondi," anatero, "mukudziwa zimene akhala akunena kuchitsime?"

Ndinati ayi.

"Akuti Nabanda ndi waulesi, pakhomo pake pali ngati pamanda. Ena akuti ukalamba wayamba. Palibe ndi mmodzi yemwe ananenapo kuti aphunzitsi akuweta njuchi. Bwalo likachita tchire, dzina limene limatchulidwa ndi langa."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayambira pati, inu mukumwetulira agulugufe anu pakhonde? Maungu ndikuwafuna, musaganize kuti sindikuona kuti chaka chino agwira. Koma njuchi zanuzo sizipita kuchitsime. Amene amapita ndine."

Miyezi yonseyi mkazi wanga ankasenza ndowa pamodzi ndi manyazi, ine ndili kalikiliki kuwerengera anzanga kusukulu mitundu ya mbalame. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe. Komabe ndikati ndinalakwa kubzala, mtima ukukana. Ndikati amayi aja analakwa kulima, mtima ukukananso. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndikabzale kuseri, kumene anthu saona. Ndiye kuti zomera zakwathu zomwe tizizibisa ngati kachasu?

Nabanda wachira tsopano. Dzulo m'mawa ndinatuluka n'kupeza njuchi zingapo zikuzungulira pamene panali maluwa, zikutera padothi, kudzuka, kuteranso. Cha pomwepo mkazi wanga anali kusesa akuimba nyimbo ya kwaya, mokweza, kuti odutsa pamsewu amuone. Panapita miyezi ndisanamumve akuimba pabwalo.

Ndiuzeni inu, ndibzalenso?