Ba Mulubwa Adikira Wowadzutsa

Pamsika wa Kabwata munthu akafunsa telala, ankamulozera kwa ba Mulubwa, mkulu wa ku Mansa amene anafika mu Lusaka adakali ndi tsitsi. Mapazi awo anapalasa makina osokera mpaka chitsulo chinachita dzenje. Ulendo umene miyendoyo inayenda iwo ali chikhalire pampando, bwenzi atafika ku Kasama ndi kubwerako. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lubuto, anakwatiwa ku Solwezi, ndipo foni yake inkabwera ngati mvula ya mu Julaye.

Chaka chino madokotala anawang'amba pamimba kuchotsa chotupa. Malinga ndi eni ake, chotupacho chinali ngati dzungu la ku Chongwe, anachinyamula anthu awiri.

Kutacha kunafika namwino wamfupi, dzina lake Keziah, atatenga jakisoni wobaya pamimba ndi masokosi oyera othina ofika m'maondo.

"Ba tate, lelo muyenda pang'ono," anatero Keziah. "Mukagona chabe, magazi amaundana m'miyendo. Akathamangila ku mapapo, nkhani imavuta."

Ba Mulubwa anatembenuza sokosi imodzi ndi kuyang'ana msoko. "Amene anasoka izi anali ndi njala. Ine, ba sisita, ndidzayenda mwana wanga akabwela. Ali m'njila."

Lubuto sanali m'njira. Bambo ake sanamuuze n'komwe za opaleshoniyo, poopa kumva kuti watanganidwa. Koma kwawo anakula akudziwa kuti wodwala amadzutsidwa ndi wake. Mwamuna wa imvi kugwiridwa m'chiuno ndi mwana wa eni, wodi yonse ikuona, kunali kulengeza kuti alibe munthu.

Pabedi loyandikana nawo panagona ba Chabala a ku Chilenje, ong'ambidwa tsiku lomwelo. Amenewo abale anali nawo osakwana mu minibasi imodzi: akazi awo, azilamu, a kumpingo, mpaka mnansi wongobwerera chakudya. Wodwalayo sankaloledwa ngakhale kudzikanda pamphuno. Keziah akanena zoyenda, azilamu ankaimirira ngati mpanda.

"Iyayi, ba sisita. Munthu wang'ambidwa dzulo, si mbuzi."

Anawafunditsa mabulangete mpaka kungotsala maso. Anawavula masokosi, ati akuwafinya. Mwendo utatupa, anautikita ndi mafuta mosinthana, namwino atapotoloka.

Ba Mulubwa ankaonerera zonsezi mwansanje. Nthawi ya alendo ikakwana ankatseka maso ngati ali m'tulo, mapazi okha akupalasa makina osaoneka pansi pa chofunda, mwa chizolowezi.

"Zimenezo n'zabwino, musaleke," anatero Keziah ataona chofunda chikugwedezeka. "Koma sizikwana. Mwana afika liti?"

"Mawa."

Mawa lake, dzuwa lili paliwombo, ba Chabala anagwira pachifuwa, mpweya ukuwaperewera. Anamwino anathamanga nawo pabedi la mateyala, fuko lonse lili pambuyo. Patapita nthawi mlamu wina anabwera kudzatenga mbale ndi mabulangete. Anati munthu ali moyo, koma akupumira makina, magazi oundana afika m'mapapo.

Ba Mulubwa anayang'ana matiresi opanda munthu kwa nthawi yaitali. Panalibenso ngakhale wowachititsa nsanje. Miyendo yawo inali yolemera ngati yobwereka.

Keziah akudutsa, anamuitana ndi mawu apansipansi.

"Ba sisita, Lubuto sabwela."

"Ndinadziwa kale, ba tate. Tsitsani mwendo umodzi poyamba."

Keziah anawagwira m'chiuno, iwo atawerama ngati nkhalamba yofunafuna singano. Mu wodi monse panalibe amene anacheuka. Anakwekwereza mapazi mpaka pawindo, ulendo umene pambuyo pake ankati unali wautali kuposa wa ku Chipata. Kunja alendo a anthu ena ankatuluka pageti awiriawiri, atanyamula mbale zopanda kanthu. Ba Mulubwa anapumira pakhoma pang'ono, kenako anatembenuka kuyamba ulendo wobwerera.